Makope Atatu a Malemu

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1961, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndine mkulu wawo, ndipo sindichulutsa mawu.

Anayamba sukulu mu 1968, namaliza sekondale mu 1980. Mu 1982 analowa ntchito ku nyuzipepala, poyamba kukonza zolakwika m'nkhani za anzawo, kenako utolankhani weniweni. Mu 1985 anakwatiwa ndi bambo atelala aja, amene anatisiya mu 2009.

Mu 1991 anatsekeredwa masabata awiri chifukwa chokana kutchula munthu amene anawatsina khutu. Anatuluka mano awiri palibe, koma dzina sanatchule. Malamulo oteteza atolankhani atabwera, tinkati tipuma. Malemu ankati lamulolo ndi labwino, koma wogogoda pakhomo sabwera ataliwerenga.

Mu Januwale chaka chino anayamba kufufuza za mankhwala amene ankasowa m'nkhokwe ina. Anthu anayi amene anawaululira adakali pantchito komweko, ndipo ali ndi ana. Mayina awo anali m'makope atatu.

Pa 2 Juni galimoto inawagunda akuwoloka msewu pafupi ndi ofesi yawo. Woyendetsa sanapezeke. Anagona m'chipatala masabata atatu, namwalira pa 24 Juni. Akuti inali ngozi. Tamva.

Chiyambire tsikulo, abambo awiri akhala akubwera kunyumba, ati ndi anzawo akuntchito, akufuna kutisungira makope. Anzawo akuntchito ndimawadziwa onse, andithera shuga zaka makumi atatu. Awa ayi. Dzulo ife tili kulira, wina anatsegula sutikesi ya malemu kuchipinda. Ndikukuonani kumbuyoko, a nsapato zonyezimira.

Musavutikenso. Nkhani yonse ili kwa akonzi a nyuzipepala ndi kwa loya, ituluka Lachisanu. Makope ndinawatentha ndekha pambaula usiku wathawu, monga malemu anandilamulira ali kuchipatala. Tiyi amene mwamwa m'mawa uno anawira pamoto womwewo. Inu anayi, ngati mulipo, musandipatse moni. Lirani ngati wina aliyense, mubwerere kwa ana anu.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zisanu, mlongo wawo mmodzi ndi ine. Tikuthokoza anamwino, atolankhani anzawo amene ankasinthana kulondera pakhomo la wodi, ndi aneba amene atigwira mkono.

Mng'ono wanga, simunapereke munthu. Usani mumtendere.