Tsiku Limene Hamo Anakana Kudwala

Lamulo la mfumu pa milandu ya minda limati munthu akaitanidwa ku bwalo la ku Westminster, iye n'kutumiza mawu kuti wadwala, asilikali anayi a pakavalo apite akamuone. Akakamupeza ali gone pabedi, wopanda lamba, wopanda buluku, wopanda nsapato, mlandu wake uime chaka ndi tsiku limodzi, iye osatuluka m'nyumba nthawi yonseyo. Koma akakamupeza ali chilili pabwalo, munda wapita.

Gervase, wamng'ono mwa anayi amene anatumidwa kwa nkhalamba Hamo wa ku Thornholt, anasiya anzake akumwa mowa pa doko n'kutsogola yekha. Atamva nkhwangwa ikulira kuseri kwa mpanda wa Hamo anadziwa amene akuwaza nkhunizo. Anatsika pa kavalo, anachita chizindikiro cha mtanda, kenaka anakokera chipewa cha mkanjo wake mpaka pamphuno.

Hamo anali ndi ngongole ku chuma cha mfumu, ya msonkho wolowera m'munda umene anasiya malemu mkulu wake. Msuweni wake Warin anakanena ku bwalo kuti mundawo ndi wake ndipo ngongoleyo ailipira yekha. Ubweya wa nkhosa za Hamo wa chaka chamawa ukanatha ngongoleyo, Warin n'kusowa poyambira. N'chifukwa chake Sabina, mwana wa Hamo, anatumiza mawu a matenda osawauza bambo ake. Sananame. Chifuwa cha nkhalambayo chinkamveka mpaka ku tchalitchi. Koma Gervase anali atalumbira atagwira Buku Loyera kuti akanena zimene maso ake aona, osawonjezera, osachotsera, ndipo iye sanali munthu wodziwa kukhotetsa lumbiro.

"Odi kuno," anatero akufufuza mpanda ndi dzanja.

Nkhwangwa inaleka.

"Ndani ameneyu wadziphimba ngati wopita kokanyongedwa?"

"Ndine Gervase, bambo, mwana wa malemu Odo. Ndabwera kudzaona wodwala."

"Mwasokera, bwana. Wodwala ali kwa wansembe. Ikudwala ndi ng'ombe yake."

"Kalata ya mfumu ikuti Hamo wa ku Thornholt."

"Hamo ndine, ndipo ndili bwinobwino."

Atangotero chifuwa chinamugwira. Anatsokomola nthawi yaitali, moti Gervase anatsiriza pemphero la Atate Athu chamumtima, n'kudikirabe.

"Chifuwa chimenecho ndachimva, bambo."

"Ndi utsi."

"Panja pano pali utsi?"

"Wadzulo."

Gervase anafotokoza lamulo lonse monga analimvera, kuyambira pa bedi mpaka pa nsapato. Ananenanso kuti anzake atatu ali m'njira, ndipo mmodzi wa iwo ndi mlamu wake wa Warin, munthu amene angakondwe kuona Hamo akudumpha mpanda. Hamo anamvetsera zonsezo akunola nkhwangwa pa mwala.

"Ndamva. Tsopano tachotsani chinsanzacho mundiyang'ane."

"Sindingathe. Ndikakuyang'anani ndikuonani."

"Nanga maso ntchito yake n'chiyani?"

"Ndikakuonani muli chilili, ndikanena kuti munali chilili. Ndinalumbira."

"Nkhwangwayi simunaimve?"

"Ndaimva. Koma anandilumbiritsa za maso. Za makutu sanandifunse."

Hamo anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Atapezanso mpweya anati ngati nkhani ndi imeneyo, bwana angobwerera akanene kuti anamupeza ali gone, iye apitirize kuwaza nkhuni zake. Ndani angadziwe?

"Mulungu," anatero Gervase. "Ndi kavalo wangayu."

"Ndiye mukufuna ine ndiname ndi thupi lonse kuti inu musaname ndi pakamwa."

"Simunama, bambo. Mukudwala."

"Wakuuzani ndani?"

"Sabina."

"Sabina ndi mwana. Amalira ngakhale tsekwe akatsimphina."

Gervase anaima pomwepo, mphuno yokha ikuonekera, itafiira ndi chisanu. Anakumbukira kuti ali mwana, bambo ake atamwalira, Hamo yemweyu ankamusiyira maapozi awiri pa mwala wa pa doko masiku a msika, osanena kanthu, ngati agwa okha kuchokera mu dengu. Gervase sanathokozepo, chifukwa Hamo sanavomerepo kuti ndi iye. Anthu a ku Thornholt ndi otero.

"Chabwino," anatero Hamo. "Ndikhale pa chitsa apa, ndizibuula."

"Lamulo likuti bedi."

"Ndilitulutse panja, ndiimepo ndizikonza denga."

"Likuti gone."

"Nsapato ndivule imodzi."

"Zonse ziwiri."

"Koma buluku ayi. Mfumu ili ndi nkhondo kutsidya kwa nyanja, ili ndi mabishopu oivutitsa, ndiye ipeze nthawi yoganizira buluku langa?"

"Zinalembedwa, bambo."

"Analemba ndani?"

"Sindinamuone."

"Inu mumaona chiyani kodi?"

Gervase anafunsa mofatsa chimene chimavuta pa kugona, popeza anthu onse amagona tsiku ndi tsiku ndipo palibe amene anachita nazo manyazi. Hamo anati usiku amagona ngati Mkhristu aliyense. Masana ayi. Mkulu wake anagona pa bedi lija masana, sanadzukenso. Mayi ake a Sabina anati angopumako pang'ono dzuwa lili pamutu, ndipo anawanyamula amuna anayi. Ananena zimenezi ngati akunena za mtengo wa mchere, kenaka anatola chipika china n'kuchiika pa chitsa.

Pa nkhani ngati imeneyo lamulo silinanene kanthu, ndiye Gervase nayenso sananene kanthu.

"Komanso," anatero Hamo, "chaka chathunthu ndili m'nyumba, nkhosa azimeta ndani?"

"Sabina amameta bwino kuposa inu. Mudzi wonse ukudziwa."

"Iwe mwana wa Odo, usandiyese!"

"Pepani, bambo. Ndinangoona."

"Zimenezo unaona, koma ine pano sukundiona."

Pamenepo nkhalamba inaganiza zothana nayo nkhaniyi mwa njira yake. Ngati msilikaliyo atangosuzumira kamodzi, zonse zikanatha, ndipo Hamo akanapita yekha ku Westminster kukawauza oweruza maganizo ake pa Warin ndi makolo ake. Zakuti tsiku la mlandu linadutsa kale, ndiponso kuti akangoonedwa ali chilili mundawo wapita asanafike n'komwe pa doko, Gervase anazibwereza kawiri. Hamo anati zimenezo akazimva kwa oweruzawo.

"Bwana, kavalo wanu akudya kabichi wa Sabina."

"Ndilipira."

"Taonani kumwambaku, mbalame ya mitu iwiri."

"Mulungu aidalitse."

"Denga lagwira moto."

"Ndikanamva fungo."

"Mkazi wanu uyo akudutsa ndi Warin."

"Ndilibe mkazi, bambo."

"Ndi mtima umenewu, n'zosadabwitsa."

Kutali, kumbali ya doko, galu anayamba kuuwa. Gervase anadziwa kuti anzake anyamuka. Anaganiza kuti akalowa m'nyumba n'kukaima pafupi ndi bedi, mwina ulemu wokha ungakokere mwini nyumba m'katimo, poti ku Thornholt mlendo sasiyidwa yekha pa moto. Anatambasula manja n'kuyamba kuyenda molunjika kumene ankaganiza kuti kuli khomo.

"Bwana, uko kuli dziwe la atsekwe."

"Ndamva, bambo. Ndi mbalame ya mitu iwiri ili momwemo."

"Ndikunena zoona. Khotani kumanzere."

"Simundipusitsanso."

"Iwe Gervase, ima!"

Madziwo anali ataundana pamwamba, ndipo anasweka ndi phokoso ngati mbale. Gervase anamira mpaka m'khosi m'matope a atsekwe. Munthu wina aliyense akanagwira udzu wa m'mphepete kuti adzipulumutse. Iye manja onse awiri anagwira chipewa, kuti chisachoke kumaso.

Hamo anamukola ndi ndodo yokokera nkhosa n'kumuvuula, uku akutsokomola, uku akumutchula mayina amene sitingawalembe. Kenaka anamugwira dzanja n'kumulondolera ku nyumba, akumuuza pamene pali mwala ndi pamene pali chiundo cha pakhomo, monga ankachitira pomuwolotsa pa doko ali kamwana.

M'nyumba munali moto wochepa ndi mphika wa nsawawa zouma. Sabina anali atapita ku chigayo. Mano a Gervase ankagundana moti sankatha kutchula ngakhale dzina la Mulungu bwinobwino.

"Vulani zonyowazi."

"N-ndili bwino, bambo."

"Muli bwino? Mukunjenjemera ngati mwana wa nkhosa wobadwa m'chisanu."

"Ndi m-mphepo chabe."

"Munthu akadwala azivomera. Makani amapha."

Gervase anafuna kuyankha, koma anaona kuti mawu amenewo ndi bwino angokhala m'nyumbamo pang'ono, mwina mwini wake angawamve. Sanawamve. Hamo anali kalikiliki kumuvula nsapato zodzaza matope, kumukolopa ndi chiguduli, ndi kufunafuna chomuveka. M'bokosi munali malaya akale okha. Buluku lachiwiri anamuveka mkulu wake pomuika m'manda, ndipo chiyambire ngongole ija ubweya wonse unkapita ku msika, wosatsala wolukira lina.

Gervase anamva lamba akumasulidwa. Kenaka chinthu chofunda chinaikidwa m'manja mwake.

"Valani."

"Ndi la ndani?"

"La bishopu. Valani."

"Likugwa, bambo."

"Nayu lamba."

"Zikomo."

"Mapazi anuwo abiriwira. Nazi nsapato. Musandithere zidendene, n'zomwezo."

Nsapatozo zinali zofunda ndi mapazi a mwini wake. Gervase anakhala pa mpando pafupi ndi moto, chipewa chonyowa chikudontha pa chibwano, ndipo anamva nkhalamba ikupondaponda pansi pozizira, phazi ili kenaka ilo, ngati tsekwe. Chifuwa chinabweranso, chachikulu kuposa chija. Panja akavalo analira pa mpanda, ndipo mawu a mlamu wa Warin anamveka akufunsa kuti nkhuni zatsopanozi wawaza ndani.

"Alowa muno?" ananong'ona Hamo.

"Onse atatu."

"Andione chonchi? Miyendo ili pamtunda?"

"Anabwerera zimenezo, bambo. Kudzaona."

Panamveka kuthamanga kwa mapazi opanda nsapato, udzu wa m'matiresi unalira, ndipo chofunda chinakokedwa mwamphamvu.

"Bambo, muli pati?"

"Pabedi! Nanga ndikhale pati, inu mutanditengera buluku?"

"Gone?"

"Mukufuna ndiime pamenepa andione bwino?"

Gervase anachotsa chipewa.

Kuwala kunamuthobwa m'maso pang'ono. Kenaka anaona Hamo wa ku Thornholt ali gone, chofunda chili m'khosi, zala za kumapazi zikusuzumira kumunsi. Nkhope inali itaphwa kuposa mmene ankaikumbukira, masaya atalowa, ndipo thukuta linali pamphumi ngakhale m'nyumbamo munkazizira. Gervase anayang'ana nthawi yaitali, monga munthu wolumbira ayenera kuyang'anira. Atatha anakoka chofundacho n'kuphimba zala zija, kenaka anakumbukira lamulo n'kuzivundukulanso.

Atatu aja analowa akuwerama pa khomo. Mlamu wa Warin anasuzumira pansi pa bedi, anakweza chofunda kumiyendo n'kuchibweza msanga, anafufuza m'bokosi, osapeza lamba, buluku kapena nsapato. Anafunsa za nkhuni zija. Gervase anati sanaone amene anaziwaza. Anafunsa ngati wodwalayo anamupeza ali pabedi. Gervase anati chifikireni sanamuonepo pena paliponse. Munthuyo anayang'ana Gervase kuyambira kumutu mpaka ku buluku lalifupi lonunkha nkhosa, koma m'boma lonse munalibe amene anamvapo mwana wa Odo akunama, ndiye anangolavula m'moto n'kutuluka. Wamkulu wa gululo ananena mawu a lamulo ali pa khomo, kuti matendawa ndi ogoneka munthu, ndipo mlandu wa munda uima.

Alipo ena ku Thornholt amene amati Gervase anagwera dala m'dziwe lija. Amene amamudziwa amati nzeru zotero analibe, ndipo Mulungu amagwiritsa ntchito zimene wapeza.

Gervase anasonkhezera moto, anasendeza mphika pafupi ndi bedi pamene dzanja lingafike, n'kuika madzi akumwa pambali pake. Anapinda zovala zake zonyowa n'kuzikolekera pa mkono. Ali pafupi kutuluka, dzanja linatuluka m'chofunda n'kumukoka mkanjo.

"Iwe," ananong'ona Hamo. "Tisamvane molakwika. Ine sindikudwala. Ndikungodikira buluku langa."

"Ndamva, bambo," anatero Gervase akumangitsa lamba. "Ndidzabweretsa ndekha, pakatha chaka ndi tsiku limodzi."