Tsache Linatipezera Nyumba ku Joni

Omvera anzanga, ine ndine mayi wa ku Chikweo ku Machinga, koma ndikulemba ndili ku Joni.

Titafika kuno, ine ndi amuna anga tinkagona m'galaja limodzi ndi mabanja ena atatu, chotchinga chake zitenje. Nyumba zinalipo, koma eni ake akangomva kuti ndife obwera, lendi inkakwera pomwepo.

Tsiku lina tinapita kukafunsa chipinda kwa amayi ena achikulire, koma tinapeza atachoka. Pabwalo panali masamba mbwee. Kwathu mkazi sakhala pansi pabwalo pali zinyalala, ndiye ndinatola tsache n'kuyamba kusesa.

"Iyayi, siyani, atiyesa akuba!" anatero amuna anga. Ine osamva.

Amayi aja atafika anaima pageti, kuyang'ana pabwalo, kenako kuyang'ana ine. Ndinagwada n'kupepesa.

"Ana anga enieni sanaligwirepo tsache limeneli," anatero. Chipinda anatipatsa pa theka la mtengo wake, bola ndizisesa.

Lero ndili ndi chitseko changachanga, ndimaswali mapemphero anga a Chisilamu popanda wondidumpha. Atsikana a ku Machinga ndi Balaka, musanyoze zimene anakuphunzitsani amayi anu. Pasipoti inangondiwolotsa malire, koma nyumba inabwera ndi tsache.