Mafuta a odwala anafika mochedwa

Okondedwa omvera, ndikulemba kuchokera ku Mchengautuwa. Achemwali anga anali asisitere okalamba. Atayamba kufooka anandilembera kalata, ndipo ndikadali nayo. Ankafuna kuti wansembe awadzoze mafuta a odwala akadali ndi mphamvu zoyankha okha kuti “Amen.”

Ndinaonetsa kalatayo kwa amayi amene ankawasamalira kunyumba ya asisitere. Iwo anati, “Yayi, adada, mafuta amenewo ndi otsanzikira! Tisawaitanire imfa, akudya bwino chomene.” Sindikana, ankawasambitsa ndi kuwadyetsa mwachikondi. Koma ndinapitako katatu, akungolonjeza kuti auza akuluakulu a panyumbapo, ndipo sanawauze.

Wansembe anafika achemwali atasiya kale kulankhula. Pemphero litatha tonse tinadikira, koma milomo yawo sinagwedezeke. “Amen” uja ndinayankha ndine, kalata ili m'thumba la jekete.