Sipuroketi ya Mano Khumi ndi Atatu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikukupatsani moni nonse. Ambiri mukudziwa kuti mkazi wanga Tadala anatisiya chaka chatha, titakhala m'banja zaka zinayi zokha. Za maliro sindilembapo. Ndikufuna ndikuuzeni za lonjezo lomwe ndinatsala pang'ono kulephera, ndi mmene Mulungu anandigwirira dzanja.

Tadala anaphunzira za uinjiniya kuyunivesite ya Loughborough ndipo ankakonda makina. Asanadwale anagula kwadi yakale, njinga yamoto ya matayala anayi ija, kuti tikakwere nayo milu ya mchenga kugombe la ku Lincolnshire, pamalo pomwe amalola masewerawa. Ali m'chipatala anandiuza kuti, "Usadzaigulitse usanafike nayo pamwamba." Ndinavomera.

Ulendo woyamba kwadiyo inatitimira pakati pa mulu, injini ikulira motsamwa. Munthu wina pamalopo anati vuto ndi sipuroketi, kagudumu ka mano komwe kamakoka tcheni. Ine ntchito yanga ndi ya mankhwala ku famase, choncho ndinangoganiza kuti chachikulu ndiye champhamvu. Ndinachotsa sipuroketi yakutsogolo ya mano 14 n'kuikapo ya mano 15. Ulendo wachiwiri sindinafike ngakhale pomwe ndinalekezera poyamba, ndipo kilachi inayamba kununkha kupsa.

Nditabwerera kunyumba ku Beaumont Leys ndinatseka galaja, mtima uli pogulitsa. Pemphero langa linali lalifupi: "Ambuye, ndi chinthu chimodzi chokha chomwe anandipempha. Musalole kuti chindikanike."

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, a Daka, bambo wachikulire wa ku Zambia amene amakonza mafokolifiti, makina onyamulira katundu, kunyumba yosungiramo katundu, anaona girizi m'zikhadabo zanga. "A dokotala, umakanika mwauyamba liti?" Ndinawafotokozera mwachidule. Loweruka m'mawa anatulukira pakhomo, atakwera mabasi awiri kuchokera ku Braunstone.

Atawerenga mano aja anaseka mpaka kukhala pandowa. "Mwana wanga, waika giya yothamangira pamsewu waukulu wa M1! Panjinga yakapalasa ukafika pachitunda, umafuna liwiro kapena mphamvu? Kutsogoloku timachepetsa mano, sitiwonjezera iyayi."

Kenako anayamba kuvundukula katoni yomwe ndinaponyamo zitsulo zokataya, ndipo anatulutsamo sipuroketi yaing'ono. Ndinali nditaipeza kale pashelefu ya Tadala, n'kuiyesa yakutha chifukwa cha kuchepa kwake. Anaipukuta pa ovolosi yawo n'kundionetsa. "Iyi ndi yatsopano, mano 13, sinalaweko tcheni. Mayi aja anali atawerengera kale zonse."

Ndinatuluka panja kwa kanthawi. Nditabwerera anandipatsa sipanala.

Tinaimanga, tinakunga tcheni, ndipo anandiphunzitsa kuphwetsako mpweya m'matayala kuti asamakumbe mchenga. Sabata yotsatira tinapita limodzi kugombe. Liwiro linali litatsikadi, koma kwadi inakoka osatsamwa. Ndinadutsa malo awiri omwe ndinalekezera paja, ndikudikira kuti mwina izima, koma inangokwerabe mpaka matayala akutsogolo anaponda pamwamba.

Ndinazimitsa injini. Mphepo inali yozizira kwambiri. Nditayang'ana pansi ndinaona a Daka, munthu wa imvi, akuvina pamchenga jekete ili m'mwamba, akukuwa kuti, "Tsika msanga iwe, nanenso nifuna nikwele!" Ndinaseka mokweza mpaka nthiti kuwawa, koyamba chimwalirire Tadala. Tsiku limenelo ndinakwera kasanu, iwo kawiri, ndipo ulendo wawo wachiwiri anatsika nsapato zitadzaza mchenga, akuimba nyimbo ya kwaya.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu ochepa, n'kulozera maso a mkulu uja ku zikhadabo zanga. A Daka, Ambuye akudalitseni pamodzi ndi banja lanu. Inu amene mwatitimira pakati pa chitunda chanu, musafulumire kutseka chitseko. Pempherani ngakhale mwachidule, ndipo wina akakufunsani, muuzeni zoona. Ine ndakwaniritsa lonjezo langa, ndipo mtima wanga wapepuka. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.