Mlonda Wopanda Makolo

Meerim ankagwedeza kabedi ka mwana ndi phazi, dzanja limodzi likuthira tiyi, lina lili pansi pa tebulo, pamene apongozi ake a Burulkan analowa atanyamula kiyi wa bokosi lalikulu la zofunda. Foni imene inali pansi pa tebulopo anatumiza ndi mwamuna wake Talant kuchokera ku Moscow, kuti aziona nkhope ya mwana Lamlungu lililonse, ndipo Meerim ankadziwa kuti chinthu chikalowa m'bokosi lija chimatuluka pa ukwati kapena pa maliro basi.

"Tulutsa dzanja," anatero a Burulkan, akuika kiyi pambali pa buledi.

Dzanja linatuluka. Foni inatuluka nalo.

"Mkazi wa neba wathu Joldosh akuti m'menemo muli mwamuna."

"Ndi gemu, Apa," anatero Meerim, akuwatchula monga mmene kwawoko amatchulira amayi. "Masewera chabe."

"Alimo kapena mulibe?"

"Alimo, koma ndi chojambula."

"Akutinso mwamunayo akufuna mlongo wake. Ngati ndi zoona, foniyo ilowa m'bokosi. Izituluka Lamlungu, ine ndili pomwepo."

Meerim anawapatsa tiyi ndi manja awiri, n'kuyamba kufotokoza mwaulemu ngati munthu wotsatsa nkhosa yotsimphina. Mnyamatayo dzina lake Korvan, mlonda wa pachipata cha mzinda. Mfumu inamutola ali khanda m'mbali mwa mtsinje, inamulera limodzi ndi mwana wake wamkazi Selin. Pano akula, ndipo Korvan akumukonda Selin, koma mfumu singalole.

"Sanamugwirepo ngakhale dzanja, Apa. Amangoima pansi pa zenera lake. Palibe choipa pamenepo."

"Amaima nthawi yanji?"

"Tsiku lonse."

"Nanga pachipata pali ndani?"

"Adani sabwera pokhapokha ndikadina apa."

"Ndiye usamadinepo. Mzinda uli pambalambanda." Anapsontha tiyi. "Bambo ake ndani?"

"Sakudziwika."

"Agogo ake?"

"Apa, munthuyu anatoledwa pamtsinje."

"Mtsinje uti?"

"Sunatchulidwe."

A Burulkan anatambasula zala pa tebulo. "Mwamuna asanayang'ane mtsikana amatchula makolo ake asanu ndi awiri, kuti anthu aone ngati magazi sakukumana penapake. Talant anawatchula pamaso pa bambo ako. Anaiwala wachisanu, ndinamutsina, anakumbuka. Uyu alibe ngakhale mmodzi. Ukudziwa bwanji kuti mfumuyo sinamusiye yokha pamtsinje m'mawa n'kukamutola madzulo? Amuna amatero."

"Mfumuyi si yotero."

"Umaidziwa?"

"Ndaigwirira ntchito magawo makumi anayi ndi atatu a gemuyi."

"Imalipira?"

"Imapereka malupanga."

"Ee. Mufunse mnyamatayo, mwina anamvapo kanthu kwa akapolo."

"Sayankha mafunso otere. Amangonena zimene anamulembera."

"Ngati Joldosh," anatero a Burulkan. "Chabwino. Anayamwa kwa ndani?"

Meerim anayang'ana foni. Anali atapha zinjoka zouluka, atawoloka milatho yoyaka moto mwana ali kubere, koma za mkaka anali asanaganizepo. Ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti ana awiri akayamwa bere limodzi, nkhani yatha, ndi pachibale mpaka kumanda. Anatsegula pamene gemu imasunga mbiri ya anthu ake.

"Akuti mfumukazi inakana kumuyamwitsa. Anakulira mkaka wa mbuzi."

"Mbuzi imodzi?"

"Sanawerenge."

"Selin anamwako?"

"Sanalembe."

"Mwana wa mfumu samwa mbuzi," anagamula a Burulkan. "Bweretsa ndimuone."

Anavala magalasi, anagwira foni patali ngati mbale yotentha, n'kumuyang'ana Korvan kuyambira kunsapato, monga amachitira ndi nkhosa pamsika. Atafika kumutu anaima.

"Makutuwa anatani? Anadyedwa ndi chisanu?"

"Ndi obadwa nawo. Anthu a kutsidya la nyanja onse ali ndi makutu osongoka. Zinadziwika pa gawo la makumi atatu."

"A mfumu ndi otani?"

"Ngati athuwa."

"A mfumukazi? A Selin?"

"Chimodzimodzi."

"Ndiye wandikhazika pano tiyi mpaka kuzizira chifukwa chiyani? Makutu sanama. Magazi ndi osiyana, mkaka ndi wosiyana. Mkazi wa Joldosh akamve kaye nkhani asanaitenge kupita nayo kumpopi."

"Ndimanena ine, Apa," anatero Meerim, akubisa kumwetulira m'mphepete mwa mpango. Anatambasula dzanja kuti alandire foni. Foni sinabwere.

"Pazenerapo waimapo nthawi yaitali bwanji?"

"M'gemumo, zaka zitatu."

"Zaka zitatu. Anatumako akuluakulu?"

"Alibe akuluakulu."

"Ndolo za chitomero anamuveka?"

"Ayi."

"Ngakhale nkhosa imodzi kwa bambo ake, yongopereka moni?"

"Apa, chikondi chake ndi cha mumtima."

"Amenewo ndiye matenda. Mtsikana akukalamba m'chipinda, anthu akuona mwamuna pazenera, akwatiwa ndi ndani? Mnyamatayo wadya chiyani lero?"

"Sadya."

"Waona."

Pagalasi la foni panatuluka Selin atatsamira pazenera, ndipo pansi pake panabwera mabatani awiri. A Burulkan anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikutsatira chala. Lina linati Muuze. Lina linati Khala chete.

"Iwe umadina liti?"

"Lachiwirilo."

"Nthawi zonse?"

Meerim anayang'ana mwana, yemwe anali atagona kalekale ngakhale phazi linkagwedezabe. "Akamuuza, mfumu imuthamangitsira kumalire a dziko. Ndinawerenga. Magawo makumi awiri onse pazenera sipakhala munthu."

A Burulkan anadzutsa mutu. Maso awo anapita pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pamene chikhoti cha Talant chinali chitapachikika chisanu chachitatu tsopano, kenako anabwerera pa foni.

"Apita, akagwira ntchito, abwera ndi mahatchi. Mkazi adikira. Ndi mmene zimakhalira." Chala chawo chinayamba kutsika.

"Apa, musadine."

"Chifukwa?"

"Anakulira nyumba imodzi."

"Iwe ndi ine tikukhala nyumba imodzi. Ndiwe mlongo wanga?"

"Ankadyera mbale imodzi. Ankasamba m'beseni limodzi ali ana. Selin amamutchula kuti achimwene, zinalembedwa."

"Azolowera kumutchula zina. Iwenso masiku oyamba Talant unkamutchula kuti inu a m'basi."

"Si zabwino, Apa. Ndikaganiza bwinobwino, mwamuna woima pazenera la mlongo wake mutu wake suli bwino. Mkazi wa Joldosh ananena zoona."

"Mkazi wa Joldosh sanaone makutu."

"Ndi zamanyazi. M'nyumba muli mwana muno." Meerim anatola kiyi uja n'kuwapatsa ndi manja awiri. "Ikani m'bokosi. Izituluka Lamlungu."

A Burulkan analandira kiyi, anamuponya m'thumba la chovala chawo chaubweya, n'kukankhira magalasi m'mwamba pamphuno. Anadina. M'foni munalira zitoliro, Korvan anagwada pansi pa zenera, Selin anagwira pakamwa, ndipo chapatali asilikali a mfumu anayamba kutsika masitepe.

"Anthu awa akubwera angati?"

"Asanu ndi mmodzi," anatero Meerim ndi mawu ofooka. "Akudzamugwira."

"Palibe amene wawaphikira tiyi?"

"M'gemu mulibe tiyi, Apa."

"N'chifukwa chake nkhani zawo sizitha." Anakhala bwino pamtsamiro, anachotsa phazi la Meerim pa kabedi n'kuikapo lawo. "Nthawi yokama mahatchi yakwana. Pita, ndowa ili pakhomo."

"Nanga foni?"

"Ikhala kwa ine mpaka ukwati. Mnyamatayu alibe makolo, kwa mfumu ndikamuyankhulira ndine."