Ndevu za Maliro

Pa siteji ya basi mumzinda wa Niš, bambo wachikulire ankangoyang'anitsitsa foni, mayi wina wonyamula kabichi ali pambali.

"Mukudzijambula, bambo?"

"Ayi mayi, ndi banki ya pafoniyi. Imatseguka ikaona nkhope yanga, koma lero ikundikana."

"Ndi ndevuzo. Kameteni."

"Sindingamete, masiku makumi anayi sanakwane chimwalirire mkazi wanga. Loweruka tikupita kumanda, ndipo ndalama ya makandulo ndi tirigu wa chikumbutso ili momwemu."

"Pepani. Nanga polembetsa munali mutakwinya nkhope chonchi?"

"Ayi, wondijambula anali mkazi wangayo, ndipo ankandiseketsa."

"Ankati chiyani?"

"Ankati, 'Tseka pakamwa, Milutin, a banki athawa.'"

"Onani, mwaseka! Yang'anani foniyo msanga!"

"Ha! Yatseguka, mayi."