Tsiku Limene Abambo Anandipatsa Pilo

Zaka zimenezo, ndisanamere imvi izi, ndisanadziwe n'komwe kuti kuli mzinda uno wotchedwa Doha, ndinali khukhi pamishoni ina kwathu ku Thyolo. Iwe Yohane, taika kaye foniyo pansi, lero ndi Lachisanu, tsiku lopuma kuno, ofesi njotseka. Ndamva kuti dzulo pageti Madalitso uyu ankayerekeza mayendedwe ako atsopanowa a usupavaiza, alonda onse n'kufa nalo phwete, ndipo ukufuna kumulembera lipoti kwa mabwana. Ukudziwa bwino kuti kuno lipoti limodzi ndi tikiti ya kumudzi. Imwa tiyi wako wa karakiyo, undimvere.

Pamishonipo panali wansembe wa ku France, wamfupi, mimba kutsogolo, poyenda manja kumbuyo, ndipo ine ndinali katswiri pomuyerekeza. Tsiku lina masana ndili m'khitchini, ndafunda nsalu ya patebulo ngati mkanjo, ndikudalitsa mapoto mmodzimmodzi, amayi ochapa zovala akugubuduka ndi kuseka, koma mwadzidzidzi onse anangoti zii. Kucheuka, Abambo ali pakhomo! Mayo ine! Mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo podalira pathu panali pantchito yomweyo.

Abambo anatembenuka n'kuchoka. Ine ndinayamba kupinda epuloni, ndati basi ntchito yatha. Posakhalitsa anabwerera atanyamula pilo wa pabedi pawo.

"Fabiano, mayendedwe wakhoza, koma mimba yachepa. Ika uyu, uyambirenso."

Ndinayambiranso, iwo n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa mkanjo. Kenako anakhala pathumba la mbatata n'kundiuza kuti kwawo kalekale, mabuku akadali olemba pamanja, kunali anthu oyendayenda m'misika ndi m'malo omwera, onena tinthano tatifupi ta ndakatulo, mizere yake yomveka mofanana kumapeto ngati nyimbo. Osekedwa anali ansembe adyera, amuna ansanje ndi amalonda obera pasikelo, ndipo wochenjera kawirikawiri ankakhala mkazi. Tina, anatero, tinali tolaula kwambiri moti sakanatinena atavala kolala ya unsembe.

Anandigawirako kamodzi. Wansembe wina analanda bakha wootcha kwa mkazi wa mlimi, ati ndi nyengo yosala kudya, n'kumubisa m'mkanjo mwake. Mayiyo sanakangane naye, anangomasula agalu ake. Wansembe ali mkati molalikira za kudziletsa, agalu aja ndi awo mpaka kuguwa, kununkhiza mkanjo, michira pukupuku, ndipo mayi uja anafuula kuti, "Alandireni Abambo, nawonso abwera kudzalapa!" Wonena nthanoyo ankamaliza ndi nkhope ya maliro, ati phunziro lake ndi lakuti wansembe azidya atatseka chitseko.

Ndinafunsa kuti, "Nanga ansembewo sankakwiya, Abambo?"

"Ena ankakwiya," anatero, "ndipo wokwiyayo mawa lake ankamupekera ina."

Mwamva, supavaiza? Munthu uja ndinamuopa chaka chimodzi chokha, koma kuyambira tsiku la pilo ndinamukonda, ndipo atamwalira ndinalira ngati ndataya bambo wondibala. Mwana anali m'mimba uja lero ndi mphunzitsi.

Iwenso Madalitso usamwetulire pamenepo. Ife kale tinkasekera m'khitchini, zikathera momwemo, koma inu masiku ano mumasekera pageti, pamaso pa anthu a mayiko ena, wina atakweza kale foni kuti ajambule. Mnzako wavutikira udindowu zaka zingati padzuwa la kuno? Unalakwitsa malo, mwana wanga, ndipo upepese. Malo ake ndi muno m'dera la Mansoura, m'chipinda mwathu mothinanamu, mmene tonse timapachika yunifomu pamsomali umodzi.

Tsono Yohane, Madalitso akapakira sutikesi mawa, ana ake awiri aja uwauza kuti bambo awo anachotsedwa chifukwa chani? Chifukwa choyenda ngati iwe?

Tiye, Madalitso, imirira utionetse. Ayi, sizikukwana. Yohane, mubwereke magalasi ako akudawo, ndi kawailesi kako ka palamba. Ukapanda kuseka, lemba lipotilo, ine ndikuwerengera ngati lamveka bwino.

Ehee, taonani, supavaiza wayamba kale kuluma mlomo. Muuze pamene walakwitsa, Yohane, phewa lija umalikweza kuposa pamenepo. Ukatha, ufufute zimene unayamba kulemba pafonipo, karaki wako akuzizira.